Buku la a Madamu Lomwe Amayi Analidula ndi Lumo

Ndikukumbukira khonde la a Madamu, akazi a manijala wa pa esiteti ya tiyi yomwe ndinakulira ku Thyolo. Linali lofiira ndi polishi, loterera moti aliyense ankayendapo mwaulemu angakhale asakufuna. Pamenepo mpamene azimayi khumi ndi awiri ankakumana Loweruka lomaliza la mwezi kudzakambirana buku. Ankakhala potengera ntchito za amuna awo: a Madamu pampando wa khushoni, akazi a mabwana a mufakitale ndi aphunzitsi pamipando yamatabwa, akazi a makalaliki pabenchi. Amayi anga anali a pabenchi, chifukwa bambo anali kalaliki woyeza tiyi pasikelo. Anawasankha kukhala otsogolera zokambirana, udindo womwe unkaphatikizapo kutsuka makapu.

Buku linkakhala limodzi, la a Madamu. Linkayamba ulendo wake kunyumba zapamwamba pa phiri n'kumatsika pang'onopang'ono, ndipo mwezi unkatha lisanafike kwa ife akumunsi. Tsiku lokumana, a Madamu ankati bukulo ndi labwino. Onse ankati labwinodi. Kenako zii, kumangomveka makina a kufakitale ndi mano pamabisiketi. Amayi akabwera kunyumba ankatitsanzirira mmene aliyense ankagwedezera mutu, ife n'kumagubuduka ndi phwete.

Mwezi wina sanatsanzire aliyense. A Madamu anali atanena kuti atopa ndi kudyetsa anthu osalankhula, ndipo ngati msonkhano wotsatira ukhalenso ngati maliro, gululo alitseka. Ponena zimenezo ankayang'ana amayi. Bambo atamva anachita mantha kuposa mwiniwake wa nkhaniyo. Nyumba yomwe tinkakhala inali ya kampani, ndipo iwo ankakhulupirira kuti mkazi wa manijala akakwinya nkhope m'mawa, kalata imatuluka muofesi masana. Anawauza amayi kuti akawakwiyitsa a Madamu, tonse tikagona m'munda wa tiyi.

Amayi anapempha kuti buku latsopano liyambire kwa iwo. Atafika nalo kunyumba anatenga lumo n'kulidula pamsana zigawo zinayi. Ine ndinali sitandade sikisi, ndipo ndinaona ngati akupha nkhuku ya eni. Anati akalisoka bwinobwino tsiku lisanakwane, palibe adzazindikire. Zigawo zitatu anazigawa kwa azimayi atatuatatu, ndi lamulo loti aliyense awerenge chake chokha, asabwereke cha mnzake. Chomaliza anasunga kuti awerenge okha.

Apa mpamene ndinalowererapo ine. Chigawo cha amayicho ndinachibisa m'jumbo ya makope n'kupita nacho kusukulu, kuti anzanga aone kuti kwathu timawerenga mabuku a kwa manijala. Pobwerera kunali chiperoni, kamvula kowaza kaja komwe kamanyowetsa munthu mpaka mkati osagwa n'komwe. Njira ya pakati pa mizere ya tiyi inali thope lofiira lokhalokha. Ndinaterereka pakamlatho ka mitengo, jumbo n'kugwera m'ngalande. Nditaivuula, masamba aja anali phala. Sindinali nditawerengako ngakhale mzere umodzi, ndipo amayi nawonso anali asanayambe.

Sanandimenye, ndipo chimenecho chinandiwawa koposa. Anayanika phalalo pamwamba pa mbaula, likungofuka nthunzi, kenako anakalitaya. Madzulo a Lachisanu anasonkhanitsa zigawo zitatu zija n'kuzisokerera m'chikuto ndi ulusi wakuda. Bukulo linaoneka ngati ladwala malungo. Anandiuza kuti mawa ndivale diresi ya kutchalitchi, ndikaone ndi maso anga zomwe ndachita.

Loweruka, pakhonde la a Madamu, ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi a amayi. Nkhani ya m'bukumo inali ya mayi wina wosoka zovala ndi mwamuna wake. Amayi anangofunsa funso limodzi, loti mwamunayo anali munthu wotani. Amene anawerenga chigawo choyamba anati anali mngelo, ankatungira mkazi wake madzi. A chigawo chachiwiri anadabwa, nati akunena mwamuna uti, popeza amene akumudziwa iwo anali ndi mkazi wina kutauni. Mayi Nakhumwa, akazi a kapitawo, omwe chaka chonse anali asanatsegulepo pakamwa kupatula polandira bisiketi, anaimirira n'kumanga chitenje. Iwo anali a chigawo chachitatu, mmene mwamunayo anadwala n'kubwerera kwa mkazi woyamba kuti adzamudwazike. Anati amuna otere amawadziwa, wina anamusiya kunyumba akumvera wailesi. Khonde lonse linaphulika. Akazi a mabwana ankakangana ndi a pabenchi, Chilomwe chinatuluka mwa anthu omwe ankati anachiiwala kalekale, tiyi anazizira m'makapu. A Madamu ankangomwetulira ngati zonsezi anazikonza ndi iwo.

Kenako wina anafunsa mmene nkhaniyo inathera, ndipo maso onse anapita kwa amayi. Ine ndinayang'ana polishi.

Amayi anakhosomola pang'ono n'kuyamba kufotokoza, mosathamanga. Anati mayi uja anamudwazika mwamuna wake mpaka anachira. Atachira anamuchapira zovala zonse, kuzisita, kumuphikira, n'kumusiyira makiyi patebulo. Kenako anasenza makina ake osokera n'kukwera basi ya kwawo, osacheuka. Akazi a mphunzitsi wamkulu anati sizingatheke, mabuku satha choncho, ndipo anapempha a Madamu, eni bukulo, kuti aweruze.

Buku lowonda lija linali pamiyendo pa a Madamu. Akanangolitsegula kumapeto, ife tikanayamba kumanga katundu. Iwo analisisita pachikuto ngati mphaka, nati: "Ndi momwemo. Ine ndinaliwerenga kawiri, ndipo pofika pa basi paja ndinalira."

Azimayi asanu ndi anayi pakhondepo ankadziwa za lumo, koma palibe anaulula. Mayi Nakhumwa anati nawonso akanalira. Gululo silinatsekedwe. Linakhalapo zaka zina zingapo, ndipo buku lililonse linkadutsa kaye kwathu. Pobwerera tsiku limenelo ndinawafunsa amayi kuti anadziwa bwanji mathero ake. Anati ndiziyang'ana poponda, ndagwetsa zokwanira sabata ino.

Masiku ano ndi ine wotsogolera kagulu ka azimayi owerenga kuno ku Makwasa komwe ndimaphunzitsa. Buku timatumizirana pafoni, aliyense amakhala nalo lathunthu tsiku lomwelo. Palibe benchi, palibe khushoni, tonse ndife ofanana, ndipo tonse sitiwerenga. Ndikafunsa maganizo awo amanditumizira kachithunzi ka chala chachikulu, komwe ndi "labwinodi" uja atavala zatsopano. Nthawi zina ndimasirira lumo, koma foni sudula.

Buku lija ndinadzalipeza ndili wamkulu, pamulu wa mabuku akale ku Limbe. Ndinawerenga masamba omaliza nditaima pomwepo. Mayi uja sanapite kulikonse. Anamukhululukira mwamuna wake, ndipo anakalamba limodzi. Sindinaligule, ndipo amayi sindinawauze. Iwo ali ku Masambanjati, kwawo, akusoka mayunifolomu pakhonde la golosale. Anapita kumeneko ndili folomu wani, bambo atangochira matenda omwe anawatenga kwa mayi wina wa ku Luchenza. Bambo anapeza zovala zawo zili zochapa ndi zosita, makiyi ali patebulo.