Kanyali kofiira pamaliro a a Sudi

Lachiwiri lapitali ndinatha mphindi makumi anayi ndikulimbana ndi rauta pamaliro ku Liwaladzi. Ndinaziwerenga mphindizo chifukwa a shehe anali atatipatsa malire.

Malemu anali a Sudi, msuweni wa mayi anga, omwe anatisiya mbandakucha ali kuchipatala. Banjali ndi la Chisilamu, choncho thupi silichedwa pakhomo. Mwana wawo wamwamuna, Yusufu, ali ku Joni ndipo sakanatha kufika. Anapempha chinthu chimodzi chokha: aone nkhope ya bambo ake pakanema wa foni asanaiphimbe ndi sanda.

Pamudzipo foni payokha imagwira kamzere kamodzi, kokwana kunena "halo" basi. N'chifukwa chake chaka chatha Yusufu anatumiza rauta, kabokosi kokoka intaneti kuchokera ku nsanja ya mafoni. Kamlongoti kake anakamangirira pansungwi pamwamba pa denga. Tsikulo kanyali ka netiweki kanali kofiira.

"Inu a nyuzipepala ndi amene mumadziwa izi," anatero mng'ono wa malemu, a Hamisi, akundipatsa kabokosiko pakhonde.

Ndinachita zonse zimene ndimalangiza ena. Ndinathimitsa, n'kudikira, n'kuyatsanso. Ndinayang'ana batire ya sola: yodzaza. Ndinamangitsa waya wa mlongoti. A Hamisi anakwera pampando n'kutembenuza nsungwi kuloza kumsewu wa M5, kenako kulowera ku Bua. Kanyali kaja kofiirabe.

Amuna amene anatizungulira anali atagamula kale mlandu.

"Ndi netiweki iyi, yathawa."

"Mwera ukawomba imatero."

Inenso ndinavomera. Kodi alipo pakati pathu amene sanainamizirepo netiweki?

Yusufu anaimba, mawu akudukaduka. "Achimwene, zatheka?"

"Pang'ono pokha," ndinatero.

A shehe anatuluka m'chipinda momwe munali thupi n'kundiyang'ana. Sanakalipe. "Bambo, tadikira. Malemu sitingawasungenso." Ndinapukusa mutu, iwo anabwerera mkati. Posakhalitsa jeneza, chonyamulira maliro, inanyamuka.

Titachoka kumanda ndinalowa m'nyumba kukapepesa namfedwa, mayi a Yusufu. Anali pamkeka pakati pa amayi anzawo, pomwe anakhala kuyambira m'mawa.

"Munavutika ndi kabokosi kaja," anatero chapansipansi. "Mulibe kakhadi mmenemo. Malemuwo anakachotsa Lachisanu popita kuchipatala. Kam'foni mwawo kanali katasiya kugwira, ndiye anati afuna azimva mawu a mwana wawo ali pabedi."

Anamasula mfundo ya pangodya ya chitenje. Simukhadi inali mmenemo.

"Mayi, bwanji simunanene?"

"Ndimamva mukuti ndi netiweki. Ine ndingatsutse anthu ophunzira? Komanso ndani analowa kudzandifunsa?"

Kuchokera pakhonde pamene ndinagwada kufika pamkeka wawo pali mapazi asanu. Ndinawawerenga potuluka.

Apa cholakwa choyamba ndi changa. Rauta ikakana, choyamba kuona ndi ngati khadi ilimo, ngati yakhala bwino, ngati ili ndi bandulo. Mlongoti ndi nsanja zimabwera pambuyo. Ndikanatsegula kachitseko ka kumbuyo kwa kabokosiko, ndikanaikamo khadi ya m'foni mwanga momwe, Yusufu n'kuwaona bambo ake. Sindinatsegule chifukwa sindinaganize kuti munthu angachotse.

Koma cholakwa chachiwiri ndi cha tonsefe, owerenga anga. Ana athu akatumiza zipangizo izi kuchokera kunja, zimafika pakhomo n'kukhala "za bambo". Bambo ndi amene amasunga nambala yachinsinsi, ndi amene amaonetsedwa pothimitsira. Mayi amapukuta fumbi pakabokosiko tsiku lililonse, amaona amene wakagwira ndi chimene wachotsa, koma tikafuna yankho timadutsa pa iwo n'kukaitana mlendo wa kutauni.

Pamaliro ndiye zimanyanya. Amuna panja, amayi m'nyumba. Namfedwa timamupatsa ulemu pomusiya alire, ndipo ulemu umenewo sindikuutsutsa. Koma kutuma mayi mmodzi kuti akanong'oneze funso kukanaphwanya mwambo uti? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Phula limeneli tinalidya ndife, koma wapwetekedwa nalo ndi Yusufu.

Ndinaika khadi ija m'malo mwake. Pasanathe mphindi ziwiri kanyali kanasanduka kobiriwira, mizere inayi. Nditamuimbira Yusufu, kanema analowa bwinobwino, osadukiza ngakhale kamodzi.

Yusufu anaona nkhope ya mayi ake. Kenako anapempha kuti ndiloze foni m'chipinda muja. Munali mkeka wopindidwa ndi beseni lovundikira.

"Inali netiweki, achimwene?" anafunsa.

Mayi ake anandiyang'ana. Inu mukanamuyankha chiyani?