Kakamba M'ndowa ya Amayi

Ndinali ndi zaka khumi pamene amayi ananditenga kupita kunyanja yamchere ku Mozambique, nkhondo itangotha kumene. Tinkakhala m'komboni ya esiteti ya tiyi ku Chipinge, ndipo mng'ono wanga Tendai anali ndi chifuwa chosamva mankhwala. Mneneri wa mpingo wathu wa Apositoli ananena kuti mwanayo asambitsidwe ndi madzi a m'nyanja. Amayi anasiya dengu lothyolera tiyi, natenga ndowa yachivindikiro, ine n'kukhala wowathandiza kunyamula.

Gombe limene tinafikira m'mamawa linali lotetezedwa. Mlonda wa pamenepo anatilola kutunga, kenaka anatilozera pamchenga. Maiwe! Tiana ta akamba a m'nyanja tinkatuluka pansi ngati ngumbi, n'kumathamangira kumadzi.

"Madzi tungani, mayi," anatero mlondayo, "koma tianati musatikhudze. Kamwana kotere kakachoka pano sikakhala moyo."

Koma ine ndinali nkhutukumve. Kusukulu anzanga ankatiseka kuti ndife obwera opanda kwawo, ndiye ndinkafuna ndikawaonetse chinthu chimene sanachionepo. Amayi atagwada kupemphera, ndinatola kakamba kamodzi, n'kukaponya m'ndowa, n'kutseka ndithu. Ulendo wonse ndowayo inapsa ndi dzuwa pamwamba pa basi.

Tsiku la mapemphero mpingo wonse unakhala pansi pamtengo, onse atavala zoyera. Mneneri atatsegula ndowa, fungo linatipeza tonse. Kakamba kanali kuyandama chagada, katafa kalekale.

"Madzi awa ndi odetsedwa. Wachita izi ndani?" anafunsa mneneriyo.

Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, kenaka anagwada. "Ndine, baba. Ndinatunga osayang'ana."

Azimayi anayamba kunong'onezana. Madzi amene amayi anawayendera ulendo wonse uja anatayidwa pafumbi, Tendai akutsokomola kumsana kwawo. Abale, manyazi amene ndinamva! Koma sindinadzuke kuti ndiulule kuti ndine.

Amayi sanandimenye, ngakhale ndikanakonda akanandimenya. Tendai anachira bambo atapita naye kuchipatala cha mishoni, koma kumpingo amayi anakhala nalo dzina la mayi wosasamala mpaka tinasamuka.

Mlonda uja ankateteza akamba, ndipo ine ndinkaganiza kuti lamulo lake latsala pagombe pomwepo. Lero ndikudziwa kuti chimene iwe watola mobisa, wina amachisenza poyera. Changa anachisenza amayi, atagwada pafumbi ndi zovala zoyera.