Munda wa Ndowe za Nkhumba

Nkhondo ya ku Mozambiki itafika povuta, kwathu ku Katuli kunadzaza anthu othawa. Amalume, amene ankayang'anira minda ya mbumba yathu, anabwereka mayi wina wamasiye tsala lochita malire ndi munda wanga. Ine ndinaseka. Pamalopo tinalimapo chimanga chaka ndi chaka, n'kumatentha mapesi, mpaka panatsala mchenga wokhawokha. Chomera bwino chinali kaufiti basi.

Mayiyo sanali Msilamu ngati ife. Anadziwana ndi aphunzitsi ena ochokera ku Dedza, omwe ankaweta nkhumba kuseri kwa nyumba yawo, kutali ndi maso a anthu. Ankawasesera khola, iwo n'kumamupatsa ndowe. Ankazisenza padengu, kudutsa m'mphepete mwa munda wanga, ine nditatseka mphuno ndi nsalu. Fungo lake, abale! Ankaziunjika m'dzenje pamodzi ndi mapesi ndi masamba, zikawolerana n'kukazikwirira m'mizere.

Chaka choyamba sizinaoneke kwenikweni. Koma m'zaka zotsatira dothi lija linada bii, khasu likangolowa nyongolotsi zili piringupiringu. Dzuwa likang'amba, chimanga changa chinkapota masamba, chake chili chibiriwirire. Mvula yake imodzi, kutilekanitsa mzere umodzi! Nsanje inandigwira, ndisaname. Munthu wobwera ndi kamtolo pamutu adzamange nkhokwe panthaka ya makolo anga, ine mwana wa pamudzi ndikukagwira ganyu yolipidwa chinangwa? Chonyansa kwambiri n'chakuti anali wabwino mtima. Akalandira ufa wa othawa nkhondo ankabwera nawo pakhomo, amvekere, "Amayi, aphikireniko ana." Ndinkawomba m'manja kuthokoza, mumtima moto uli lawilawi.

Zoti nanenso ndithire ndowezo sindikanayerekeza, mudzi wonse ukanandiloza chala. Ng'ombe ndinalibe, feteleza sindikanamukwanitsa. Ndinangogwira mtima ndi ganizo limodzi: mayiyu akadzabwerera kwawo, mundawu udzakhala wanga, ana anga adzaleka kugona ndi njala mwezi wa Febuluwale.

Mtendere utabwera, mayi uja anamanga katundu. Fumbi la lole yomwe inamutenga lisanathe n'komwe, ine ndinali nditagwada kale pakhonde pa amalume.

"Amalume, munda uja ndipatseni ine. Ana njala yawakwana."

"Munda wa nkhumba?" anatero iwo. "Ukufuna zonyansa zija zilowe m'mbale mwathu?"

"Ndowe zinawola kalekale, amalume. Latsala ndi dothi."

"Nanga dothilo lanona ndi chiyani?"

Sikuti amalume anali munthu wankhanza ayi. Ankaopa Mulungu, komanso pakamwa pa anzawo kumzikiti. Ndinapitanso kangapo, kutuma ndi akuluakulu omwe, koma mawu awo sanasinthe.

Mvula yoyamba itagwa amalume anabwera panjinga ndi mbande za bulugama, akuti mitengo sidyedwa. Anandiitana kuti ndiwathandize kudzala, ndipo amalume sakanidwa. Ndinakumba maenje m'dothi lakuda lija, lofewa ngati ufa, misozi ili chuchuchu. Mitengoyo inakula mofulumira kuposa ina iliyonse m'mudzimo. Mizu yake inawolokera m'munda mwanga, n'kuumitsa mizere ya m'malire, yokhayo imene inkandipatsako kachimanga.