Manja a Che Sulemani

Pa 14 Malichi 1986, tsiku Lachisanu, Che Sulemani a ku Lungwena anachotsedwa ntchito ati chifukwa choledzera. Munthu woti chibadwire sanalaweko mowa.

Ankagwira ntchito ya boma m'kachipinda koyezera madzi ndi nsomba pa boma la Mangochi. Ine ndinkaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo ndinkapitako kukabwereka mabotolo. M'menemo munali makina amagetsi okhala ndi kawaya ka golide. Akakaviika m'madzi, mekyule, chiphe chonyezimira chija cha m'choyezera kutentha kwa thupi, ankamatirira pagolidepo, singano n'kuonetsa kuchuluka kwake. Ntchito ya Che Sulemani inali kuwotcha kawayako pamoto kuti mekyule achoke, ndiponso kuwola ndi manja amene watayikira pansi.

Bwana wa pamalopo anakhomera mawindo onse ndi misomali poopa kuti golide abedwa. Golide wake wosakwana n'ndolo yomwe! Mpweya woipa wa mekyule wowotchedwayo unasowa kotulukira, unkangothera m'chifuwa cha munthu.

Manja a Che Sulemani anayamba kunjenjemera. Kenaka nkhama zinatupa, mawu n'kumakokeka. Tsiku lina ndinawapeza akulephera kumanga batani la malaya.

"Aphunzitsi, taonani, manjawa akuvina beni okha," anatero akuseka. "Koma ng'oma yake ine sindikuimva."

Ndinapita kwa bwanayo kukamuuza kuti atsegule mawindo. Anandifunsa ngati ndili ndi khadi la chipani, n'kundikumbutsa kuti otsutsa boma amayamba ndi mafunso otere. Posakhalitsa ndinasamutsidwira kusukulu ya kumalire, ku Chiponde.

Lachisanu lija botolo linawapulumuka m'manja Che Sulemani, ndipo bwana anawatcha chidakwa pamaso pa anzawo. Mbiri inafika kumzikiti iwo asanafike. Amene ankaswali nawo pamzere umodzi anayamba kusendera kutali. Akuchikazi anawapirikitsa pamudzi. Anakamwalirira kwa mlongo wawo, akumwetsedwa phala ngati khanda.

Mwana wawo, Zena, lero ndi mayi wamkulu ndithu, amagulitsa usipa pamsika. Akamva dzina la bambo ake amazolika. Ndamufotokozera mobwerezabwereza, koma amangoti, "Agogo, boma linganame?"

Bwana, mudakali moyo, ndipo kumene mumakhala ndikukudziwa. Ndiyankheni: mudzapita liti kwa Zena kukamuuza ndi pakamwa panu chimene chinapha bambo ake?