Chilombo Chomwe Ndinachimana Madzi

Nkhani iyi sindinaiuzepo munthu. Ngakhale malemu mkazi wanga anapita osadziwa chiyambi chake. Ndikuilemba ndekha, ndi dzanja lomwe linaphunzira kugwira pensulo ku sukulu ya kwacha, ndili kale ndi ana. Ndinatsala pang'ono kuphetsa mdzukulu wanga, uku ndikuganiza kuti ndikuchita ulemu.

Ndimakhala ku Finglas, kuno kudziko la azungu, ndi mwana wanga wamkazi, yemwe ndi nesi. Anandiitanitsa mayi ake atamwalira. Munthu wozolowera khasu sakhazikika m'nyumba; ndinkangoti kukhitchini, pawindo, kukhitchini. Mdzukulu wanga Mwayi, mwana wa nesiyu, ali ku yunivesite. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingelezi. Iyeyo ndiye anati ndikutha kapeti, kuli bwino ndikathandize kumsonkhano wawo. Unali msonkhano wa anthu okonda nthano za sayansi, za maloboti, zombo zopita kunyenyezi ndi zolengedwa za kuthambo. Amasonkhana m'hotela kuyambira Lachisanu mpaka Lamlungu, ambiri atavala ngati zolengedwazo.

Anandiika m'chipinda cholandiriramo alendo, kogawa tiyi, mabisiketi ndi masangweji. Woyang'anira anali mayi wa konkuno, dzina lake Orla. Anandiuza lamulo limodzi: aliyense wovala chophimba mutu wonse ndimupatse madzi asanapemphe, chifukwa mkatimo mumatentha ngati uvuni. Anandionetsanso kachipinda kakutali, kumapeto kwa khonde, komwe ofuna kupuma amakavulirako mituyo. Ndinavomera zonse. Koma oyamba atangolowa, a ubweya, a nyanga, a nkhope zachitsulo, mtima wanga unabwerera kwathu ku Dedza.

Inu owerenga, ine ndinakulira kudambwe, n'chifukwa chake sukulu ndinaichedwera. Zambiri za kumeneko sindinena, ndipo mwambowo sindikuunyoza. Koma tinaphunzira kuti chilombo si munthu. Suchifunsa dzina, suchipatsa madzi pagulu, ndipo nkhope yake siivulidwa pamaso pa amayi ndi ana, zivute zitani. Chaka china, dzuwa likuswa mtengo, mnzanga Lufeyo anagwa pabwalo akuvina. Mayi ake anali pomwepo, akuwomba m'manja. Tinamunyamula osamuvula, kuthamanga naye kuthengo, kutali. Ine ndinagwira kumapewa. Pomwe tinkamuvula anali atasiya kupuma. Kumudzi tinakanena zina, ndipo mayi aja anamwalira akukhulupirira bodza lathu.

Loweruka masana chipinda chinadzaza, mahita akuyaka, ketulo ikuwira kosalekeza. Kunalowa chilombo chachitali, chaubweya wobiriwira, chamutu waukulu wa maso atatu. Chinayenda modzandira nkudzaima pa tebulo langa. Jagi ya madzi inali m'manja mwanga. Ndinaiika pansi, ndinawerama, nkupatuka kuti chidutse. Sichinadutse. Chinanditambasulira dzanja. Ine ndinapisa m'thumba nkuchisupa kakobiri, monga tinkachitira gule akavina bwino. Ana omwe anali pafupi anaseka, nane ndinaseka nawo. Chinapita kukakhala pampando wa pakona, ine nkupitiriza kuthira tiyi nditachifulatira, poti chilombo sachiyang'anitsitsa. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva khu, pansi.

Mayi Orla anathamanga, kugwada, nkuyamba kufufuza zomangira za mutuwo. Ine ndinawagwira mkono. Ndinawagwira zolimba, inu owerenga, ndi mphamvu za kumunda. M'Chingelezi changa chothyokathyoka ndinkati pano ayi, pali ana, pali amayi, tichinyamule tipite nacho kukachipinda kuja. Dzanja langa linalo linali litagwira kale kumapewa. Anandikalipira, ine osasiya. Anthu anatizinga, ine osasiya. Mpaka anandigunda ndi chigongono pachifuwa, ndinagwera pampando, iwo nkuzula mutuwo.

Choyamba kuona linali tsitsi. Tsitsi lomwe mwana wanga ankaluka Lachinayi pabalaza, ine ndikudandaula kuti akunditchingira tivi. Anali Mwayi, nkhope itatuwa, milomo itauma, maso atatembenuka. Chovalacho ankasokera kwa mnzake kuti adzandidabwitse. Kutentha kutamukulira sanapite kwina kulikonse, anabwera kwa agogo ake, chifukwa ankadziwa kuti madzi ali ndi ine.

Ambulansi inamutengera kuchipatala. Adokotala anati thupi linatentha mopyola muyezo ndipo madzi anamuthera, choncho anamuika diripi. Ine ndinkangoyendayenda pakhonde mpaka nesi wina anandikhazika pansi. Mwayi atatsitsimuka anandiyang'ana, nkulankhula Chichewa, chomwe sachita kawirikawiri.

"Agogo, ine ndimafuna madzi. Inu mwandipatsa ndalama."

Anaseka pang'ono. Mayi ake, omwe anali atafika kuchipatalako, sanaseke; anatembenukira kwa ine.

"Bambo, akuti munagwira mzimayi mkono kuti asamuvule. N'zoona?"

Ndinati n'zoona. Anafunsa chifukwa, ine ndinangoyang'ana nsapato zanga. Chifukwacho ndi chimene ndalemba pano, ndipo iye achiwerenga limodzi ndi inu.

Inu amene munakula ngati ine, musadzinamize kuti zomwe munasiya kumudzi zinatsala kumudzi. Zimakwera nanu ndege. Sizikhala m'mutu momwe mungazitsutse, zimakhala m'manja, ndipo manja amachita zawo musanaganize. Ine lamulo la Mayi Orla ndinalimva bwino lomwe, koma linali lamulo la dzulo, pomwe la kudambwe linali m'mafupa. Mukalandira ntchito yosamalira alendo, dziwani kuti amene waima patsogolo panu ndi mwana wa munthu, avale zotani. Ndipo kaya ndi kuno kaya ndi kwathu, wovina akagwa, mpweya kaye, chinsinsi pambuyo. Ndikudziwa kuti akuluakulu ena andikwiyira polemba izi. Akwiye. Ine ndagwira kumapewa kawiri, ndipo kachiwiriko amene anandigunda pachifuwa ndiye anapulumutsa nyumba yathu.

Lamlungu m'mawa ndinakwera basi kubwerera kuhotela kuja. Mayi Orla anali ndi zidindo za zala zanga pamkono. Ndinavula chipewa nkupepesa. Anafunsa za Mwayi, kenako anandikankhira jagi. Woyamba kulowa anali loboti wa nkhope yasiliva. Ndinapita kwa iye ndi jagi ija. Ndinamufunsa dzina lake. Ndinamuthandiza kuvula mutuwo pomwepo, pamaso pa amayi ndi ana, nkuugwirizira pachifuwa panga mpaka atamaliza kumwa.