Tsamba Lomwe Linakana Maliro

Za makompyuta ndinadziphunzitsa ndekha, ndi mabuku ogula m'mbali mwa msewu, ena opanda chikuto. Ndiye kutchalitchi kwathu ku Matero atafuna tsamba la pa intaneti, onse anacheukira ine. Mwina poti ndimavala magalasi.

Patsambapo panali ndime ya odwala, yoti abale a ku Joni ndi ku Malawi aziwerenga. Kuti lisamachedwe kutseguka, pulogalamu yake inkasunga kope lopangiratu. Munthu akatsegula, iyo inkangoyerekeza nthawi: zolemba zanga zikakhala zatsopano kuposa kopelo, ipange lina, apo ayi, ipereke lakale lomwelo.

Dikoni wathu wamkulu anamwalira Lachiwiri m'mawa. Ndinachotsa dzina lawo pa odwala n'kulemba za maliro. Masana mkazi wawo anandiitanitsa kumaliroko.

"Imwe ba kompyuta, mwana wanga ku Joni akana kukwera basi. Akuti timunama. Akuti pa tsamba ya chechi mwalemba ati batate bake bayamba kudya."

Ndinatsegula pafoni. Analipodi: "Akupezako bwino, ayamba kumwa phala."

Ndinathamangira kunyumba, ndinafufutanso, n'kutumiza. Anabwerera. Kachitatu, anabwereranso, mawu omwewo, phala lomwelo. Kunja ana ankasewera mpira, koma m'chipindamo munazizira. Ine amene ndimaseka anthu oopa mizukwa ndinatsegula chitseko n'kusendeza mpando pafupi nacho.

Kenako maso anagwera pakona ya sikirini, pamene pamakhala deti. Laputopu yanga ndi nkhalamba. Kabatire ka wotchi yake kanafa kalekale, moti magetsi akathima imaiwala chaka n'kubwerera m'mbuyo. Zonse zimene ndinalemba tsikulo zinadindidwa deti la zaka zambiri zapitazo. Pulogalamuyo sinalakwe. Kwa iyo, uthenga wa malirowo unali wakale kwambiri, wolembedwa munthuyo asanayambe n'kudwala komwe, ndipo nkhani yatsopano inali ya phala ija.

Ndinakonza deti. Chala chinaima kaye pamwamba pa batani lotumizira, ngati ndine amene ndikuwatsirizitsa adikoniwo. Ndinadina. Dzina linachoka.

Nditabwerera kumaliro, ndinapeza amayi aja atakhala pamphasa, foni ili kukhutu. M'fonimo munkamveka mwana wawo akulira, ndipo chapatali kondakitala akuitana okwera.