Kulawira ulendo wa kuphiri la moto

Mayi amene ndinkawasamalira ku Alexandria m'zaka za m'ma 1990 anabadwira ku Italy, m'mphepete mwa nyanja, patsinde pa phiri lomwe limalavula moto likakwiya. Atadwala sitiroko anasiya kuyankhula. Ana awo anagwirizana zoti mwezi ukatha akawasiye kunyumba yosungirako okalamba, ati sakuzindikiranso munthu. Ine zinkandiwawa. Wowasambitsa ndinali ine, ndipo ndinkaona diso lomwe ankandiponyera madzi akazizira.

Masiku omwewo mdzukulu wawo wamkazi anakwatiwa, n'kukonza zokacheza ndi mwamuna wake kwawo kwa agogowo. Anafika makiyi a galimoto ali m'manja, kuwapsompsona pachipumi ali chiimire, basi azipita. Ndinaima pakhomo. Ndinamuuza kuti kwathu sungapite kumudzi kwa munthu wamkulu osalawira: umakhala pansi, n'kufunsa kuti kumeneko ukayende bwanji. Anaseka, nati ali ndi buku la alendo lofotokoza zonse. Ine ndikapsa mtima Chingelezi chimandithawa, ndiye ndinangomulozera pa kapeti. Anakhala, mwina pondiopa.

Anafunsa, koma kunali zii. Ndinamuuza kuti adikire, munthu wamkulu safulumizitsidwa. Ndinkadziwa kuti agogowo akapanda kuyankha, zowapititsa kunyumba ya okalamba zitsimikizika pomwepo.

"Nsapato," anatero mayi aja, lilime likukoka. "Zolimba. Miyala yakuda imacheka."

Kenako zina zinayamba kutuluka pang'onopang'ono. Phiri akakwere m'mamawa, mitambo isanaphimbe nyanja. Atenge mpango wotseka mphuno, chifukwa pamwamba pamanunkha ngati dzira lowola. Mchenga wakuda asakauponde masana wopanda nsapato, umawotcha. Akafuna kuliona bwino phirilo akakwere boti la asodzi, osati basi ya alendo. Za basizi anazibwereza mokalipa, ngati kuti inawalakwira dzulo.

Mtsikana uja analira, n'kuimbira foni mayi ake kuti abwere adzamve okha. Ine ndinathawira kukhitchini. Ndinasangalala moti ndinavina ndekhandekha pafupi ndi firiji, mayi wamkulu ndithu wa ana anga.

Agogo aja kunyumba ya okalamba sanapiteko. Anamwalira patapita zaka, pabedi lawo, m'chipinda chawo, akutilamulabe tonse.